Injini Ikawira Pamzere: Zimene Msewu wa ku The Pearl Umaulula

The Pearl ndi chilumba chochita kupangidwa ndi anthu. Kampani ya United Development Company inathira mchenga ndi miyala m'nyanja, kumpoto kwa West Bay mumzinda wa Doha, mpaka panatuluka malo okwana pafupifupi masikweya kilomita 4. Pamalopo anamangapo nyumba zosanja, mahotela, malo odyera ndi madoko a maboti a anthu opeza bwino. Dzinalo ndi lokumbukira ngale zimene anthu a ku Qatar ankamira m'madzi kukasaka kale, mafuta ndi gasi zisanalemeretse dzikolo. Kuli Porto Arabia, Viva Bahriya, Medina Centrale, komanso Qanat Quartier kumene anakumba ngalande zotengera za ku Venice. Zonsezi n'zokoma m'maso. Koma dalaivala amaona china: chilumba chonsecho chimadalira msewu waukulu umodzi wolowera ndi kutulukira, umene umakalumikizana ndi Lusail Expressway. Lachinayi madzulo, poti kumeneko masiku opuma ndi Lachisanu ndi Loweruka, okhala pachilumbapo, alendo odzadya, matakisi ndi magalimoto obweretsa katundu amakumana onse pakhomo lomwelo, ndipo galimoto imayenda utali wa galimoto imodzi n'kuima.

Onjezanipo nyengo. M'miyezi ya June, July ndi August kutentha kwa masana ku Doha kumapitirira madigiri 40 pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mu July 2010 kunafika madigiri 50.4. Usiku sikuzizira kwenikweni. Nthawi zambiri kumakhala madigiri opitirira 30, ndi chinyezi cha m'nyanja chomata thupi. Kuyambira mu 2021 lamulo la dzikolo limaletsa kugwiritsa anthu ntchito panja kuchokera 10 koloko m'mawa mpaka 3:30 masana, kuyambira pa 1 June kufika pa 15 September. Mpikisano wa mpira wa World Cup wa 2022 anachita kuusunthira ku November ndi December chifukwa cha dzuwa lomweli. Ngati pali malo oyesera injini, ndi amenewa. Ndipo funso limene oyendetsa galimoto amafunsa kumeneko ndi lomwenso timamva pa Lilongwe Bridge kapena pa Chipembere Highway nthawi yoweruka: n'chifukwa chiyani galimoto imene imathamanga bwinobwino pamsewu wautali imawira ikangoima pamzere?

Tiyambe ndi kumene kutenthako kumachokera. Petulo akapsa mu injini, mphamvu imene imakafika kumatayala ndi gawo limodzi chabe mwa magawo atatu, mwinanso osakwana. Gawo lina limatuluka ndi utsi ku ekizozi. Lotsalalo limalowa m'zitsulo za injini, ndipo liyenera kuchotsedwa mwachangu. Ntchito imeneyi ndi ya madzi. Pampu imawayendetsa m'tinjira ta mkati mwa buloko ndi hedi, amatenga kutenthako, n'kupita nako ku rediyeta, kumene amadutsa m'timachubu topyapyala tokhala ndi tizipsepse tambirimbiri ta aluminiyamu. Mpweya ukamadutsa pa tizipsepseto umachotsa kutentha, madzi n'kubwerera mu injini atapolako. Pakati pa injini ndi rediyeta pali thermostat, kachitseko kamene kamakhala kotseka injini ikazizira n'kutseguka madzi akafika madigiri 82 mpaka 90, malinga ndi mtundu wa galimoto. Injini siifuna kuzizira. Imagwira bwino ntchito pakati pa madigiri 90 ndi 105, ndipo makina onsewa alipo kuti ikhale pamenepo.

Chodabwitsa n'chakuti injini yongolira galimoto itaima imapanga kutentha kochepa kwambiri poyerekeza ndi imene ikukwera phiri la Chiweta itasenza katundu. Ikungowotcha timafuta pang'ono. Ndiye vuto la pamzere si kuchuluka kwa moto ayi, koma kusowa kochotsera. Galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, mphepo imadzilowera yokha kutsogolo n'kudutsa mu rediyeta, yambiri kuposa imene fani iliyonse ingakoke. Ikaima, mphepoyo imathera pomwepo. Zili ngati phala lamoto la mwana: mukaliuzira limapola msanga, mukangolisiya m'mbale limakhalitsa likutentha. Pamzere wouzira ndi fani yokha. Komanso m'magalimoto ambiri pampu ya madzi imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini, choncho injini ikamalira pang'onopang'ono, mwina maulendo 700 kapena 800 pa mphindi, madzi nawonso amayenda mwaulesi.

Pali masamu ena osavuta amene amasonyeza kusiyana kwa Doha ndi kwathu. Rediyeta imataya kutentha molingana ndi kusiyana kwa kutentha kwa madzi ndi kwa mpweya umene ukudutsapo. Tiyerekeze kuti madzi ali pa madigiri 95. Ku Dedza m'mawa wa mu June, mpweya uli pa 15, kusiyana ndi 80. Ku The Pearl masana a mu July, mpweya uli pa 45, kusiyana ndi 50. Rediyeta ndi yomweyo, fani ndi yomweyo, koma mphamvu yoziziritsa yatsika ndi gawo loposa limodzi mwa atatu. Ndipo 45 ameneyo ndi wa pamthunzi, wa anthu a zanyengo. Mpweya umene galimoto ikukoka uli pafupi ndi phula lomwe lakhala padzuwa tsiku lonse, wasakanikirana ndi utsi ndi mpweya wamoto wochokera pansi pa galimoto ya kutsogolo.

Kenako pali eyakoni. Ku Qatar palibe amene amazimitsa eyakoni m'chilimwe, ndipo sitingawanene. Koma kutentha konse kumene eyakoni imachotsa m'kati mwa galimoto kumakatayidwa pa kondensa, ndipo kondensayo imakhala kutsogolo kwenikweni kwa rediyeta. Mpweya umayamba wadutsa pamenepo, n'kutenthedwa, ndiye n'kufika pa rediyeta. Kompuresa nayo ndi katundu wina amene injini iyenera kukoka. Choncho pamzere wa m'chilimwe zinthu zitatu zimakumana nthawi imodzi: mphepo palibe, mpweya ndi wotentha kale, ndipo eyakoni ikugwira ntchito mwamphamvu zake zonse.

Pamenepa ena amangoti, basi, ndi mmene zilili, dzuwa la ku Arabiya palibe injini ingalipirire. Ine ndikukana. Pamzere womwewo pamakhala magalimoto mazanamazana, ndipo ochuluka kwambiri amakafika kumene akupita singano ya geji osasuntha. Opanga magalimoto amawayesa m'malo otentha ngati amenewa, galimoto itaima, eyakoni ili yoyaka, ndipo amasiya mpata wokwanira. Galimoto imene yawira pamzere inali ndi vuto kale. Mphepo ya pamsewu waukulu inkalibisa, mzere wangoliulula. Mfundo imeneyi ndi yothandiza chifukwa imaloza pomwe muyenera kuyang'ana. Ngati singano imakwera mukaima n'kutsika mukangoyamba kuthamanga, nkhani ili pa mpweya: fani, chotchingira chake, kapena litsiro la kunja kwa rediyeta. Ngati imakwera mukamathamanga kapena pokwera phiri koma n'kutsika mukaima, nkhani ili pa madzi: rediyeta yatsekeka m'kati, pampu yatha, kapena thermostat siikutseguka mokwanira. Ikamakwera paliponse, yambani mwaona ngati madzi alimo. Makaniko amene sanakufunseni kuti galimoto imatentha nthawi yanji, koma wayamba kale kumasula zitsulo, akungolota.

Fani ndiye woganiziridwa woyamba. M'magalimoto ang'onoang'ono, monga Corolla, Camry kapena Sunny zimene zadzaza m'misewu ya Doha, fani ndi yamagetsi. Imayaka kompyuta ya galimoto ikaona kuti madzi ayandikira madigiri 100, komanso eyakoni ikayatsidwa. Zoipha ndi zinthu zazing'ono: fyuzi yopsa, relay yotopa, waya wothothoka, kapena mota imene makala ake adyeka. Choopsa kwambiri ndi fani yodwala koma yosafa. Imazungulira ndithu, mukasuzumira mumaiona, koma ilibe mphamvu. Kapena pa mafani awiri ikuyenda imodzi. Kapena liwiro laling'ono likugwira, lalikulu linafa kalekale. M'miyezi yozizira palibe angadziwe. Kuyesa kwake n'kosavuta: imikani galimoto pabwino, lizani injini, yatsani eyakoni, tsegulani boneti n'kuima chapatali. Pasanathe mphindi fani iyenera kuyamba, ndipo muyenera kumva mphepo yamphamvu ikukankhidwira ku injini. Manja, taye ndi nsalu zikhale kutali, poti fani yamagetsi imatha kudziyambira yokha ngakhale injini itazimitsidwa. Chizindikiro china chimabwera singano isanasunthe n'komwe: eyakoni imene imazizira bwino mukuyenda koma n'kuyamba kupuma mpweya wofunda mukaima ikukuuzani kuti kutsogolo sikukudutsa mpweya.

Magalimoto aakulu amene anthu a ku Qatar amawakonda, ma Land Cruiser ndi ma Patrol, ambiri mwa iwo ali ndi fani yozunguzidwa ndi injini kudzera pa kachipangizo kokhala ndi mafuta olimba a silikoni. Kukatentha, mafutawo amagwira, fani n'kukoka mpweya mwamphamvu mpaka mumamva mkokomo wake. Akachucha kapena kutha mphamvu, fani imangozungulira mwamwambo. Injini itazimitsidwa ikadali yofunda, mukakankha faniyo ndi dzanja n'kuona ikuzungulira yokha kangapo mopanda chogwira, yatha ntchito. Palinso chotchingira cha pulasitiki chozungulira fani, chimene amakaniko ena amachitaya chikasweka poganiza kuti n'chokongoletsa chabe. Popanda icho fani imakoka mpweya wa m'mbali m'malo moukoka kudzera mu rediyeta. Pamsewu waukulu simungaone kusiyana. Pamzere mudzakuona.

Pali malo amodzi amene eni magalimoto ambiri sanawaonepo: kampata ka pakati pa kondensa ndi rediyeta. Walitsani tochi pamenepo. Ku Doha, kumene mphepo ya shamal imabweretsa fumbi la m'chipululu, mumapeza chikhakha chotuwa chomatirira pa tizipsepse, fumbi losakanikirana ndi chinyezi, nthenga ndi tizidutswa ta mapepala a pulasitiki. Kwathu kuno mumapeza dothi lofiira, udzu, njere ndi tizilombo touma. Kunja galimoto ikunyezimira, yotsukidwa m'mawa uliwonse, koma theka la rediyeta silikupuma. Ku The Pearl kulinso mchere wa m'nyanja umene umadya aluminiyamu pang'onopang'ono mpaka tizipsepse timayoyoka mukatikhudza ndi chala. Potsuka pamafunika madzi oyenda mofatsa, kuchokera kumbuyo kupita kutsogolo. Mpope wamphamvu wa kotsukira magalimoto umapinda tizipsepseto n'kutseka njira ya mpweya kotheratu.

Tsopano chivindikiro cha rediyeta, kanthu kotsika mtengo kuposa zonse zimene tatchulazi. Pamwamba pake pamalembedwa nambala, kawirikawiri 0.9 kapena 1.1 pa magalimoto a ku Japan. Imeneyo ndi mphamvu ya mpweya imene chivindikirocho chimasunga m'kati. Madzi apampopi amawira pa madigiri 100 m'mphepete mwa nyanja yamchere, monga ku Doha. Akapanikizidwa ndi chivindikiro chabwino sawira mpaka cha m'ma 120. Akasakanizidwa theka ndi theka ndi coolant amapirira mpaka kupitirira 125. Injini imene pamzere yafika madigiri 105 ilibe vuto lililonse ngati chivindikiro chikugwira. Koma labala yake ikang'ambika kapena sipuling'i ikafooka, madigiri 105 omwewo ndi kuwira. Nthunzi siichotsa kutentha ngati madzi, pampu siitha kuikankha, ndipo madzi amayamba kuthawira m'kabotolo ka pambali mpaka kusefukira. Kwa ife nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kwa a ku Doha, chifukwa Lilongwe ili pamtunda wa mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi osapanikizidwa amawira pa madigiri 96 kapena 97. Minibasi imene pakamwa pa rediyeta anangotsekapo ndi chisanza ikuyenda m'mphepete mwa kuwira tsiku lonse, n'chifukwa chake kondakitala sasiyana ndi chigubu.

Chigubucho chili ndi mlandu wakenso. Anthu ambiri amati coolant ndi wa kumayiko a chisanu, poti ntchito yake n'kuletsa madzi kuundana. Kuno kapena ku Qatar ngwachiyani? Pali choonadi pang'ono pamenepa, chifukwa madzi okha amanyamula kutentha bwino kuposa osakaniza, ndipo ndi chifukwa chake kuthira coolant wosasungunula yekhayekha n'kulakwitsanso. Koma mu coolant muli mankhwala oletsa dzimbiri ndi oteteza pampu. Madzi a pamjigo kapena pachitsime amasiya miyala yoyera m'timachubu ta rediyeta, ndipo dzimbiri limadya mapiko a pampu mpaka imangozungulira osakankha kanthu. Izi sizichitika mwezi umodzi. Zimatenga chaka, zaka ziwiri, mwini galimoto n'kumati madzi apampopi sanamulakwirepo. Mukatsegula chivindikiro m'mawa injini ili yozizira n'kupeza madzi ofiirira ngati a mumtsinje wa Lilongwe nthawi ya dzinja, dziwani kuti m'katimo zinthu zinayamba kale kuwonongeka. Mankhwala a mu coolant nawo amatha mphamvu, choncho amafunika kusinthidwa pa nthawi imene buku la galimotoyo likunena, ndipo mitundu yosiyana siyenera kusakanizidwa mwachisawawa.

Ndikhalitsepo pang'ono pa thermostat, chifukwa apa ndi pamene magalaja athu ambiri amalakwira eni magalimoto. Galimoto ikangotentha, mawu ake ndi odziwika: "Bwana, iyi inapangidwira kozizira ku Japan, tingochotsa thermostat." Amachotsadi, singano n'kutsika, bwana n'kulipira akumwetulira. Nthawi zina thermostat imakhaladi yafa itatseka, ndipo zikatero mankhwala ake ndi kugula ina. Koma taganizirani za galimoto yowira pamzere. Madzi akafika madigiri 100, thermostat yabwino imakhala itatseguka kale yonse, siikutchinga kanthu. Kuichotsa sikuwonjezera mphepo pa rediyeta, sikudzutsa fani yakufa. Chimene kumachita n'kuchititsa injini kuyenda yozizira kwambiri pamsewu wautali, kotero kuti ikafika pamzere imatenga nthawi yotalikirapo isanawire, mwini wake n'kuganiza kuti yachira. Pakali pano injini yozizira imamwa mafuta ambiri, poti kompyuta imaganiza kuti sinatenthebe, oyilo amada msanga, ndipo zitsulo zimadyana. M'mainjini ambiri thermostat ikatseguka imatsekanso kanjira kachidule kobwezera madzi mu injini osadutsa ku rediyeta. Ikachotsedwa, kanjirako kamakhala kotseguka, madzi ena n'kumazungulira osapola. Pa mtengo wa petulo wa masiku ano, kuchotsa thermostat ndi kudzilipiritsa msonkho wa tsiku ndi tsiku.

Mawu akuti galimoto inapangidwira kozizira si opanda pake kotheratu. M'mayiko 6 a mgwirizano wa GCC, omwe ndi Qatar, Saudi Arabia, United Arab Emirates, Kuwait, Bahrain ndi Oman, ogulitsa magalimoto amasiyanitsa galimoto yopangidwira chigawocho ndi yoitanitsa kuchokera ku America kapena ku Japan, ndipo yoyambayo imagulidwa mokwera ikamagulitsidwanso. Pa mitundu ina kusiyanako n'koona: rediyeta yokulirapo, fani yamphamvu, eyakoni yaikulu, nthawi zina ndi choziziritsira oyilo wa giyabokosi chapadera. Chomalizachi n'chofunika, chifukwa m'magalimoto ambiri a otomatiki oyilo wa giyabokosi amapolera mu rediyeta momwemo, ndipo kuyenda moima-ima kumamutenthetsa. Koma Japan nayo ili ndi chilimwe chotentha ndi mizere yaitali ya magalimoto. Sienta kapena Freed imene yafika kudzera ku Dar es Salaam siwira chifukwa cha dziko limene inachokera. Imawira chifukwa ili ndi zaka 12 kapena 15, mapaipi ake a labala ndi omwe inatuluka nawo kufakitale, ndipo thanki ya pulasitiki ya pamwamba pa rediyeta yasanduka yofiirira, yatsala pang'ono kung'aluka.

Geji nayo musaikhulupirire kwambiri. M'magalimoto ambiri amakono singano anaikonza kuti izikhala pakati phee pamene madzi akusintha ndi madigiri ambirimbiri, kuti dalaivala asamade nkhawa ndi kukwera ndi kutsika kwa masiku onse. Ikayamba kusuntha, zinthu zafika kale patali. Magalimoto ena ang'onoang'ono, monga Vitz ndi Passo, alibe n'komwe singano. Ali ndi kanyali kosonyeza kuti injini ikadali yozizira ndi kena kofiira kosonyeza kuti yatentha kwambiri. Choipa kwambiri n'chakuti madzi akatayika onse mwadzidzidzi, paipi itaphulika, kachipangizo koyeza kamatsala m'malere ndipo singano imatha kuoneka ngati zonse zili bwino. Mphuno ndi makutu zimathandiza: fungo lotsekemera la coolant, kanthunzi kotuluka m'mbali mwa boneti, injini yolira ngati mukugwedezeka timisomali mukaponda mafuta, mphamvu kuchepa.

Nanga zikachitika muli pakati pa mzere, kumanja galimoto, kumanzere galimoto? Zimitsani eyakoni nthawi yomweyo. Tsegulani mawindo, ikani hita pa moto wonse ndi fani yake pa liwiro lomaliza. Ku Doha mu August amenewa ndi malangizo owawa, ndipo ngati muli ndi mwana wakhanda kapena munthu wodwala musawatsatire kwa nthawi yaitali. Munthu ndi wofunika kuposa injini. Koma hita ndi karediyeta kena kakang'ono, ndipo kamatha kukupatsani mphindi zingapo zofikira pambali. Siyani mpata pakati pa inu ndi galimoto ya kutsogolo. Mukaima, chotsani giya. M'galimoto ya fani ya lamba, kuponda mafuta pang'ono kumathandiza fani ndi pampu kuthamanga. Ngati singano yayamba kutsika, pitani pamalo oyamba oimikapo. Ngati yafika pofiira, kapena nthunzi yayamba kutuluka, yatsani mahazadi n'kuzimitsa injini pomwepo, ngakhale a kumbuyo aimbe mahutala motani. Manyazi otseka msewu kwa mphindi 20 ndi otsika mtengo kuposa injini. Ku Qatar nambala yangozi ndi 999, ndipo munthu sayenera kukhala m'galimoto yozima padzuwa la chilimwe. Tulukani mukadikire pamthunzi, kutali ndi magalimoto odutsa.

Chivindikiro cha rediyeta musachikhudze. Madzi ali m'katimo apitirira madigiri 100 ndipo chikuwaletsa kuwira ndi chivindikirocho basi. Mukachipotokola, amawira mwadzidzidzi n'kukuthirani kumaso ndi m'manja. Dikirani theka la ola kapena kupitirira, mpaka paipi yaikulu ya pamwamba itafewa ndipo mukutha kuigwira ndi dzanja. Ndiye ikani chinsalu chokhuthala pachivindikiro, potokolani pang'ono kuti mpweya utuluke, kenako tsegulani. Madzi ozizira asathiridwe mu injini yamoto, kapena kukhuthulidwa pamwamba pake monga timaonera m'madepoti, chifukwa chitsulo chotentha chikazizira mwadzidzidzi chimang'aluka. Pangozi madzi akumwa a m'botolo ndi okwanira kukufikitsani kugalaja. Kumeneko akakhuthule n'kuthira zoyenera, atapeza kaye pamene oyambawo anatulukira, poti madzi a mu injini satha okha.

Chifukwa chokhwimitsira chonchi ndi hedi. M'magalimoto ambiri a masiku ano hedi ndi ya aluminiyamu, ndipo ikatentha mopitirira imapindika pang'ono, mosaoneka ndi maso, koma mokwanira kuti gasiketi isagwirenso. Zikatero utsi wa m'masilinda umalowa m'madzi, madzi amalowa mu oyilo kapena m'masilinda. Zizindikiro zake ndi thovu lotuluka mosalekeza mu rediyeta, paipi youma gwa injini itangolira kumene, utsi woyera wosatha ku ekizozi, madzi omangochepa popanda podontha, ndi oyilo wosanduka ngati tiyi wamkaka. Kukonza kumafuna kutsitsa hedi, kukaipala, gasiketi yatsopano, kawirikawiri ndi mabawuti atsopano. Wopitiriza kuyendetsa amafika ponoketsa injini yonse. Ndipo gasiketi ikapsa imayambitsanso kutentha kwina, choncho galimoto imene inawira kamodzi n'kukonzedwa fani yokha imatha kumawirabe, mwini wake n'kumasintha rediyeta, pampu, chivindikiro, chimodzichimodzi. Magalaja a ku Industrial Area ku Doha, ngakhalenso ena kuno kwathu, ali ndi chipangizo chopopera mpweya mu rediyeta kuti aone podontha, ndi mankhwala osintha mtundu akakumana ndi utsi m'madzi. Kuyesa kumeneku kuyenera kubwera ndalama zogulira zipangizo zisanatuluke m'thumba.

Mbali ina ya nkhaniyi siikhudza zitsulo. Ku Qatar ambiri mwa amene amakhala pa chiwongolero tsiku lonse ndi anthu obwera kudzagwira ntchito, ochokera ku Asia ndi ku Africa kuno, oyendetsa galimoto za mabanja, za makampani ndi matakisi. Galimoto si yawo, ndipo sindiwo amasankha tsiku lopita nayo kugalaja. Dalaivala amauzidwa kuti adikire panja pa malo odyera ku Porto Arabia, injini ikulira, eyakoni ili yoyaka, kuti abwana akatuluka apeze m'kati mozizira. Ola lathunthu galimoto ili chiimire, mwina m'malo oimika magalimoto a pansi pa nyumba kumene mpweya suyenda. Kumeneko n'kuyesa fani koposa mzere uliwonse. Injini ikapsa, chala chimaloza dalaivala. Kwa m'bale wathu amene ali pantchito yotere, chitetezo chake n'kunena msanga ndiponso molemba: uthenga wa pafoni wonena kuti madzi akuchepa kapena eyakoni ikufunda poima, wotumizidwa tsiku limene waona, udzamuyankhulira.

Magalimoto a hybrid, monga Prius ndi Aqua, amapepukidwa pamzere chifukwa injini imazima yokha galimoto ikaima ndipo eyakoni imayendera batire, ngakhale nawonso ali ndi madzi ndi mafani ofuna kusamalidwa. Doha Metro, imene inayamba kuyenda mu 2019, siilowa pachilumbachi. Munthu amatsikira pa siteshoni ya Legtaifiya n'kukwera basi, ndipo basiyo imadutsa pakhomo lomwe lija. Ndiye mzere wa ku The Pearl sukutha posachedwa, monganso wa ku Lilongwe sunathe ndi msewu wodutsana m'mwamba wa pa Area 18. Magalimoto akuchuluka msanga kuposa misewu, ndipo ife tili ndi mzere winanso umene a ku Doha saudziwa, wa pamalo omwetsera mafuta, kumene mafuta akasowa galimoto imakwawa maola ambiri. Pamenepo zimitsani injini mukaona kuti simusuntha kwa mphindi zingapo.

Ku Doha nthawi yoyendera zonsezi ndi April kapena May, dzuwa lisanakwiye. Kwathu ndi August kapena September, kutentha kwa October ndi November kusanafike, makamaka kwa oyenda ku Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Karonga kumene kumatentha kwambiri. Sankhani m'mawa umodzi injini ili yozizira. Onani mlingo ndi mtundu wa madzi, finyani mapaipi kuti mumve ngati afewa kwambiri kapena auma, yang'anani labala ya chivindikiro, walitsani tochi pakati pa kondensa ndi rediyeta, kenako lizani injini, yatsani eyakoni, mudikire fani. Ngati galimoto munagula kwa munthu wina, funsani makaniko atsegule aone ngati thermostat ilimo. Ngati mulibe, gulani ina abwezeremo.